Kaumbidwe ka Zilombo za m'Buku la Ana Lonena za Thanzi la Maganizo

Mwana wa zaka 7 amene ali ndi nkhawa kawirikawiri sanena kuti ali ndi nkhawa. Amanena kuti m'mimba mukumupweteka nthawi yopita kusukulu ikakwana, amayambiranso kukodza pogona ngakhale kuti anali atasiya kale, kapena amangopsa mtima pa zinthu zazing'ono mpaka akuluakulu n'kumamutcha wamwano. Buku la zithunzi lingathe kufika pamene malangizo apakamwa amalephera, chifukwa limatenga chinthu chosaoneka chimene chikumusautsa mwanayo n'kuchipatsa thupi, maso, miyendo ndi dzina, kotero kuti iye amatha kuchiloza ndi chala n'kunena kuti, “Amayi, ichi n'chimene chimandivuta m'kalasi.” Bungwe la World Health Organization limanena kuti pafupifupi theka la matenda a maganizo limayamba munthu asanapitirire zaka 14, choncho kukamba nkhaniyi ndi mwana wa giredi 2 si kufulumira ayi.

Njira yopatsa vuto thupi lakelake ili ndi eni ake. M'zaka za m'ma 1980, Michael White wa ku Adelaide ndi David Epston wa ku Auckland anayambitsa kathandizidwe ka anthu ovutika maganizo kamene maziko ake ndi akuti munthu ndi wina, vuto lake ndi lina. Iwo anaona kuti mwana akauzidwa kuti ndi wamantha amangogwa ulesi, koma akafunsidwa kuti mantha amabwera nthawi yanji, amamunong'oneza zotani, ndipo ndi liti pamene iye anawaposa nzeru, amayamba kulankhula momasuka ngati munthu amene ali ndi mphamvu pa nkhaniyo. Chilombo cha m'buku lanu chimagwira ntchito yomweyo, ndipo chisankho chilichonse chimene mudzapange, kuyambira pa kukula kwa diso mpaka pa mtundu wa utoto, chiyenera kuyesedwa ndi funso lakuti kodi chikuthandiza mwana kuima pambali n'kuyang'ana vuto lake, kapena chikumuwonjezera mantha.

Koma wojambula wa mu Lusaka ali ndi chopinga chimene mnzake wa ku Adelaide alibe. M'makomboni athu, kuyambira ku Kanyama ndi ku Chawama mpaka ku Matero ndi ku Mtendere, ngakhalenso m'nyumba za mipanda ku Kabulonga, anthu ambiri amakhulupirira kuti munthu akasokonezeka maganizo ndiye kuti walodzedwa, wagwidwa ndi chiwanda, kapena wasuta chamba. Dzina la Chainama, chipatala cha odwala matenda a maganizo cha pa Great East Road chimene chinatsegulidwa mu 1962, ana amalitchula ponyozana pabwalo la sukulu. N'zoona kuti mu 2019 dziko la Zambia linakhazikitsa lamulo latsopano lokhudza thanzi la maganizo m'malo mwa lakale la nthawi ya atsamunda, koma lamulo silisintha zimene kholo limaona likatsegula buku. Kholo likapeza chinthu chakuda cha nyanga chitakhala pachifuwa pa mwana usiku, lidzati chimenecho ndi chiwanda, ndipo bukulo lidzakhala litaphunzitsa zosiyana kotheratu ndi zimene mlembi ankafuna, chifukwa mwana wankhawa adzaonedwa ngati wofunika kutulutsidwa mizimu. Ntchito yanu yonse yagona pamenepa: kuumba chilombo chimene chili chosiyana ndi mwana, koma chimene palibe munthu angachitche mzimu.

Musanagwire pensulo, sankhani msinkhu wa owerenga. Ana a zaka 3 mpaka 5 amakhala asanayambe kusiyanitsa bwino za m'nthano ndi zenizeni, ndipo pa msinkhu umenewu m'pamene amaopa kwambiri mdima ndi zimene zili kunsi kwa bedi, kotero kuti chimene inu mukuchiona ngati fanizo iwo angachione ngati mlendo weniweni amene afika usiku. Ine ndimaona kuti zaka 6 mpaka 9 ndiye msinkhu umene njirayi imagwira bwino, popeza mwana amakhala atayamba kumvetsa kuti chithunzi chingaimire chinthu china. Sankhaninso zimene mwana aliyense amamva mumtima, monga nkhawa, mkwiyo, chisoni ndi manyazi, osati matenda amene ndi madokotala okha angawazindikire. Chilombo choimira matenda a misala chimanyozetsa anthu enieni amene akudwala, ndipo khunyu, limene ambiri amaliphatikiza ndi misala ngakhale kuti ndi matenda ena a mu ubongo, musalilowetse m'gulu limeneli m'pang'ono pomwe. Zilombo zitatu n'zokwanira buku limodzi, ndipo nthawi zambiri chimodzi chokha chimagwira mtima koposa.

Ntchito yoyamba ndi yolemba, osati yojambula. Khalani pansi ndi mlangizi wa ana, namwino wodziwa za matenda a maganizo, kapena mphunzitsi amene wakhala zaka zambiri m'makalasi a ana aang'ono, ndipo pa pepala limodzi lembani zimene akuuzani za chinthu chimodzi, mwachitsanzo nkhawa: pamene mwana amaimva m'thupi, nthawi imene imafika, zimene imamuchititsa, zimene zimaikulitsa ndi zimene zimaichepetsa. Funso limene ojambula ambiri amalidumpha, koma limene limasintha chithunzi chonse, ndi lakuti kodi nkhawayo imafuna kumuchitira zabwino zotani mwanayo. Kumayambiriro kwa 2024, pamene kolera inachititsa kuti masukulu asatsegulidwe mpaka mu Febuluwale ndipo bwalo la National Heroes Stadium linasandutsidwa malo othandizira odwala, mantha ndi amene ankakumbutsa ana kusamba m'manja ndi kupewa madzi a m'zithaphwi. Mantha amenewo sanali mdani. Vuto limabwera pamene ngozi yadutsa koma mlondayo akupitiriza kukuwa, ndipo mukamvetsa zimenezi mudzajambula mlonda wotengeka mopitirira, osati chigawenga.

Thupi la chilombo litengeni ku zinthu za pakhomo, zimene mwana amazigwira tsiku lililonse ndipo palibe amene amazikayikira. Apa m'pamene ndikufuna kuchedwapo, chifukwa chisankho chimenechi chikalondola, zovuta zambiri za m'tsogolo zimatha zokha.

Tiyerekeze kuti mukuumba nkhawa. Mwana aliyense wa mu Lusaka amadziwa mpira wachikulunga, umene umapangidwa pokulunga mapepala apulasitiki n'kuwamanga ndi zingwe. Upatseni miyendo iwiri yopyapyala imene siikhazikika, maso aakulu oyang'ana uku ndi uku, ndi makutu aatali otchera phokoso lililonse, ndipo mumutche Nangabwanji, popeza ntchito yake ndi kufunsa kuti, “Nanga bwanji aphunzitsi akakufunsa iwe? Nanga bwanji amayi akachedwa kumsika?” Funso lililonse limene wafunsa limawonjezera chingwe china pathupi pake, motero amakula mpaka kudzaza chikwama cha mabuku, kenako desiki, kenako khomo la kalasi. Ubwino wa thupi limeneli ndi wakuti limafotokoza lokha mmene nkhawa imagwirira ntchito, ndiponso limasonyeza njira yotulukira, chifukwa chokulungidwa chimamasulidwa, chingwe chimodzi panthawi imodzi. Mwana akayankha funso limodzi mokweza pamaso pa munthu wamkulu, wojambula amangochotsa chingwe chimodzi, ndipo ngakhale wowerenga amene sanadziwe zilembo amaona zimene zachitika.

Mkwiyo ungatengedwe ku mbaula. Kambaula ndi wamfupi, wa miyendo itatu, ali ndi zibowo m'nthiti, ndipo akakhala phee makala ake amangofiira pang'ono. Wina akamulanda mwanayo pensulo kapena akamuseka, mphepo imalowa m'zibowo zija, makala amayaka, nthethe n'kumathetheka kupita kwa aliyense amene ali pafupi, ngakhale kwa mng'ono wake amene sanalakwe. Chimene chimandikopa pa mbaula n'chakuti palibe banja limene limaiona ngati chinthu choipa, makamaka pambuyo pa chilala cha 2024 chimene chinachepetsa madzi ku Kariba n'kusiya nyumba zambiri zopanda magetsi kwa maola ochuluka patsiku. Mbaula imaphika nsima ndipo imatenthanso, ndipo mwana amaphunzitsidwa ali wamng'ono kuti saitaya koma amaisamala, kuiika panja pamene pali mpweya ndi kudikira kuti izizire asanainyamule. Uthenga wakuti kukwiya si tchimo koma kuti moto wake umafunika kuusamala uli kale m'chinthucho, ndipo mlembi safunikira kuulalikira.

Chisoni cha mwana amene wataya kholo kapena agogo chimafuna kusamala kwambiri. Ojambula ambiri amathamangira ku nsalu yoyera kapena utsi, koma zimenezo kwathu kuno ndi mzukwa, ndipo mwana angaganize kuti womwalirayo wabwerera. Yesani chigubu chachikasu cha malita 20, chimene chikadzaza chimalemera pafupifupi makilogalamu 20, ndipo ana amene amatunga madzi pampopi wa m'komboni amadziwa kulemera kwake m'khosi ndi m'mapewa. Chilombo chimenechi, Gubugubu, sakuwa ndipo saluma. Amangotsatira mwanayo pang'onopang'ono n'kumapempha kuti anyamulidwe, madzi ake amatayikira nthawi imene sakuyembekezeka, ndipo tsiku lina amakhala wodzaza pamene tsiku lina ali theka. Patsamba limene azakhali agwira chogwirira mbali imodzi ndipo mwanayo wagwira mbali inayo, palibe chifukwa cholembera mwambi pansi pake.

Pali nkhokwe ina ya zifaniziro imene imakopa wojambula aliyense wachichewa, ndipo ndikulangizani kuti muisiye. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulengeza mu 2005 kuti ndi chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, ali ndi zilombo zimene zakhala zikuphunzitsa makhalidwe kwa mibadwo yambiri, ndipo amene anaonapo Makanja akuyenda pamiyendo yake yaitali pamwambo wa Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete amadziwa mphamvu ya maonekedwe amenewo. Komabe zilombo zimenezo zimaimira mizimu ya makolo, zili ndi eni ake ndi zinsinsi zake, ndipo kutenga nkhope ya Chadzunda kapena thupi la Kasiyamaliro n'kulisandutsa chizindikiro cha nkhawa ya mwana ndi kulakwira mbali ziwiri nthawi imodzi: eni mwambo adzaona chipongwe, ndipo makolo a m'mipingo imene imatsutsa gule adzabweza bukulo asanaliwerenge. Zimenezi zikukhudzanso Makishi, ovina ovala zigoba a anzathu a kumpoto chakumadzulo kwa Zambia. Chimene mungaphunzire kwa gule ndi luso lake lokha, loti khalidwe limodzi limakuzidwa mpaka munthu amalizindikira ali patali, ndiponso loti kayendedwe kamanena zambiri kuposa nkhope.

Nyama zina nazonso zabwera kale ndi mbiri yawo. Fisi, kadzidzi, njoka ndi mphaka wakuda zimatchulidwa m'nkhani za ufiti, ndipo kamunthu kakafupi kaubweya kadzatchedwa tokoloshi ngakhale mutakapaka utoto wapinki. Choopsa kwambiri ndi kubwereka maonekedwe a anthu enieni popanda kuzindikira. Chilombo chovala nsanza, cha tsitsi lopotanapotana ndi mapazi ong'aluka chimafanana ndi munthu wodwala amene ana amamuona akuyenda m'mbali mwa Cairo Road, ndipo buku lofuna kuthetsa chitonzo lidzakhala litawaphunzitsa kumuopa. Khungu loyera ndi maso ofiira zimaloza anzathu achialubino, pamene mwendo wotsimphina, linunda kapena diso limodzi zimaloza olumala. Chizolowezi cha m'mabuku ambiri ochokera kunja chopaka choipa chilichonse utoto wakuda musachitengere, chifukwa amene akuwerenga ndi mwana wakhungu lakuda. Utoto wa chilombo ukhale umene palibe munthu ali nawo, monga wobiriwira, wachikasu chowala kapena wobiriwira ngati thambo.

Pojambula thupi lenilenilo, maonekedwe ozungulira amaoneka ofatsa, a ngodya zinayi amaoneka olimba ndi olemera, pamene osongoka amachenjeza za ngozi. Mu 1943 katswiri wa khalidwe la nyama Konrad Lorenz anafotokoza kuti mutu waukulu poyerekeza ndi thupi, maso aakulu okhala m'munsi mwa nkhope, masaya otupa ndi miyendo yaifupi zimadzutsa mwa munthu mtima wofuna kulera, popeza amenewo ndi maonekedwe a khanda. Gwiritsani ntchito nzeru imeneyi, koma mosapitirira muyeso, chifukwa chilombo chokongola kwambiri chimauza mwana amene akuvutikadi kuti vuto lake ndi nthabwala. Njira yabwino ndi kuumba thupi lonse mozungulira n'kusiya chinthu chimodzi chokha chosautsa, monga nthethe za Kambaula kapena zingwe zomangika za Nangabwanji. Mano akhale ochepa ndi obuntha, zikhadabo zisakhalepo, ndipo maso akhale ndi mboni yooneka bwino imene ikuyang'ana chinthu chodziwika, chifukwa diso loyera lopanda mboni kapena lofiira lowala mumdima ndi limene limasandutsa chidole kukhala chiwanda.

Pali lamulo limodzi limene sindingalole kuti liphwanyidwe m'buku la ana a kuno: chilombo chisalowe m'thupi mwa mwana. Chisatuluke m'kamwa mwake, chisalankhule ndi mawu ake, chisasinthe maso ake, ndipo chisajambulidwe ngati utsi wolowa m'mutu, chifukwa zonsezi ndi zimene anthu amanena pofotokoza munthu wogwidwa ndi mizimu. Chikhale pambali pake, m'chikwama chake, paphewa kapena m'manja mwake, chiponde pansi ndi mapazi ake, ndipo chikhale ndi chithunzithunzi chake ngati chinthu china chilichonse chimene dzuwa likuchiwomba. Chionekere masana nthawi yoyamba, pamalo pamene pali anthu, monga mu minibasi kapena pamzere wogula zitumbuwa pakantemba, osati pakati pa usiku m'chipinda chogona. Zimathandizanso kwambiri kusonyeza, mwina pakona ya tsamba, kuti anthu enanso ali ndi zawo: kondakitala ali ndi Kambaula wake wamng'ono m'thumba la malaya, ndipo aphunzitsi ali ndi Nangabwanji wawo amene akusuzumira m'kabati. Mwana amene waona zimenezi amadziwa kuti sanasankhidwe ndi tsoka, ndipo kholo limazindikira kuti bukulo likunena za moyo wa tsiku ndi tsiku.

Mathero a nthano ndi pamene chizolowezi chimanyenga olemba. Nthano zathu za padangotero zinatiphunzitsa kuti chilombo chimaphedwa, mimba yake imang'ambidwa, ndipo anthu omezedwa amatuluka akusangalala. M'buku ili zimenezo n'kunama, popeza nkhawa idzabweranso sabata yamawa, ndipo mwana amene anauzidwa kuti inafa adzaganiza kuti iye ndiye walephera. Chilombo chisaphedwe, chisathamangitsidwe ndi chikwapu, ndipo chisatulutsidwe ndi mfuu. Chichepe mpaka kukwana m'dzanja, ndipo chichepe chifukwa cha zinthu zimene wowerenga angathe kuchita yekha akatseka buku, monga kupuma pang'onopang'ono uku akuwerenga mpaka 4, kutchula dzina la chimene akumva, kuchoka kaye pamalo a mkangano, ndi kuuza munthu wamkulu. Munthu wamkuluyo mumujambule akugwada kuti maso ake afanane ndi a mwana, akuyang'ana chilombocho popanda mantha ndiponso popanda kuseka.

Pali choopsa china chimene wojambula ayenera kukambirana ndi mlembi poyera. Mantha ena a mwana ali ndi chifukwa chenicheni, monga munthu wamkulu amene amamumenya kapena kumugwira mosayenera, ndipo buku limene limaphunzitsa kuti mantha onse ndi chilombo chofunika kuchitonthoza lingachititse mwana wotero kukhala chete. Payenera kukhala tsamba limodzi pamene Nangabwanji akunena zoona, ndipo mwanayo akumumvera n'kuthamangira kwa munthu amene amamukhulupirira. Kumapeto kwa buku ikani nambala yaulere ya 116 ya Childline Zambia ndi zilembo zazikulu zimene mwana angawerenge yekha, pamodzi ndi mawu ochepa olangiza makolo kuti mwana amene wasiya kudya, kugona kapena kusewera kwa masabata angapo apite naye kuchipatala chapafupi.

Dzina la chilombo likhale losavuta kutchula, lokoma m'kamwa powerenga mokweza, ndipo likhale la munthu, kuti m'nthano muzinena kuti “Gubugubu anafika” monga mmene timanenera za Kalulu. Mudzafuna kuchitcha kachilombo pofuna kuchichepetsa, koma mawu amenewo m'makutu mwa makolo ambiri amatanthauza HIV, ndipo mwana amene akumwa mankhwala tsiku lililonse angamve kuti bukulo likunena za iye. Gwirizanani msanga ndi mlembi za chilankhulo chimene zilombo zidzalankhule, chifukwa Chinyanja cha m'tauni chimene ana a mu Lusaka amasewera nacho, chosakanikirana ndi Chinsenga ndi Chibemba, n'chosiyana ndi cha m'mabuku a sukulu, amenenso kalembedwe kake ka ku Zambia kamaika c pamene ku Malawi amalemba ch. Ngati mukufuna kuti bukulo lidzalowe m'masukulu a boma, liyenera kudutsa ku Curriculum Development Centre, nthambi ya boma yoona za maphunziro ndi mabuku a sukulu, ndipo n'kwanzeru kutsatira kalembedwe ka sukulu kuyambira pachiyambi, makamaka ngati mawu ena mudzawalemba ndi dzanja mkati mwa zithunzi, momwe kukonza kumafuna kujambulanso.

Tsopano jambulani tizithunzi ting'onoting'ono tambiri mofulumira, osafufuta ndiponso osakongoletsa, mpaka mutapeza thupi limene likulankhula. Limenelo mulidzaze ndi inki yakuda kuti patsale mpangidwe wakunja wokha, ndipo mulionetse kwa munthu amene sakudziwa nkhaniyo. Ngati sangathe kusiyanitsa zilombo zanu zitatu, kapena sangathe kunena kuti ichi chikuoneka chamantha ndipo icho chikuoneka cholemera, vuto lili m'thupi ndipo utoto sudzalikonza. Mukakhutira, konzani pepala la chilombo chilichonse chikuoneka kutsogolo, m'mbali ndi kumbuyo, pepala lina la nkhope zake chikakwiya, chikatopa, chikachita manyazi ndi chikagona, ndi lina losonyeza kukula kwake pafupi ndi mwana pa magawo osiyanasiyana a nthano. Mapepala amenewa ndi amene amakutetezani kuti Kambaula asakhale ndi zibowo zisanu patsamba 8 koma zisanu ndi ziwiri patsamba 20, zimene ana amaziona msanga kuposa akonzi.

Mabuku ambiri a zithunzi amakhala ndi masamba 32 kapena 24, chifukwa makina amasindikiza masamba 8 kapena 16 papepala limodzi lalikulu limene kenako limapindidwa. Mukachotsa tsamba la mutu, la eni buku ndi la makolo, nthano ya m'buku la masamba 32 imatsala ndi magulu a masamba awiri oyang'anizana pafupifupi 12 mpaka 14. Pindani mapepala wamba kuti mupange kabuku koyeserera, ndipo muone pamene chilombo chikuonekera koyamba ndi pamene chikufika pachimake. Kutembenuza tsamba ndi chida champhamvu, choncho musabise chithunzi choopsa kwambiri kuseri kwa tsamba kuti chidzidzimutse mwana. Chikule pang'onopang'ono iye akuona. Samalaninso kuti nkhope isagwere pakati pamene masamba amalumikizana.

Za zipangizo sindichedwapo. Utoto wamadzi, mapensulo amitundu kapena mapepala odula n'kumata zonse zimagwira, ndipo amene akufuna kompyuta angagwiritse ntchito pulogalamu yojambulira ya Krita, imene ndi yaulere, kapena ibisPaint pafoni. Osindikiza adzafuna zithunzi za 300 dpi (muyeso wa kuoneka bwino kwa chithunzi) mu CMYK (mitundu inayi ya inki ya makina osindikizira), zopitirira m'mphepete mwa tsamba ndi mamilimita 3 kuti mpeni wodulira usasiye mzere woyera, ndipo dziwani kuti mitundu yowala kwambiri pakompyuta imazilala ikafika papepala. Chofunika koposa kuno kwathu ndi kupita ndi masamba angapo pamalo opangira fotokope n'kuwatulutsa opanda mitundu, chifukwa umu ndi mmene aphunzitsi ambiri adzawagawire m'kalasi. Ngati kuyaka kwa Kambaula kukudalira kufiira kokha, kudzatayika, ndipo muyenera kukuonetsanso ndi mizere, nthethe ndi kaimidwe ka thupi. Ojambula anzanu amene amasonkhana ku Henry Tayali Art Centre ku Showgrounds angakuuzeni msanga pamene dzanja lanu lafooka.

Oweruza enieni ndi ana, ndipo muwafikire kabuku kakadali ka pensulo, pamene kusintha sikunadule. Pemphani chilolezo cha makolo ndi cha akuluakulu a sukulu kapena a laibulale, monga malaibulale a ana a Lubuto, ndipo mlangizi kapena mphunzitsi amene anawo amamudziwa akhale nanu m'chipindamo nthawi yonse, popeza nkhani ngati imeneyi ingachititse mwana kuulula zinthu zimene inu simunaphunzire kuzilandira. Musawafunse ngati akonda chithunzicho, chifukwa mwana woleredwa mwaulemu adzayankha kuti inde kwa mlendo aliyense. Afunseni kuti ichi n'chiyani, chimachokera kuti, chikufuna chiyani kwa mwanayu, ndiponso ngati angalole kukhala nacho pa desiki limodzi. Yang'anani amene akutembenuza tsamba mofulumira, amene akuphimba chithunzi ndi dzanja, ndi amene wangoti zii. Kenako apatseni mapepala kuti aliyense ajambule chake, ndipo musatenge zojambula zawo kukaika m'buku kapena pa Facebook popanda chilolezo cholembedwa.

Onetsaninso kabukuko kwa akuluakulu amene sakukonderani: agogo amene anakulira kumudzi ku Chadiza kapena ku Petauke, abusa, mayi wa mumsika, ndi namwino wa matenda a maganizo. Mwana kapena wamkulu mmodzi yekha akanena kuti ichi n'chiwanda kapena n'chotumidwa ndi mfiti, musatsutsane naye, koma mufunse chimene chamuchititsa kuganiza choncho. Nthawi zambiri chimakhala chinthu chaching'ono chokonzeka, monga maso opanda mboni, mapazi osaponda pansi, mdima wochuluka kumbuyo, kapena kuti m'buku lonse ndi mwana mmodzi yekha amene ali ndi chilombo. Mukakonza, pitani kwa gulu lina la ana limene silinaonepo zithunzi zoyamba zija, chifukwa amene anaona kale amayankha zimene akukumbukira, osati zimene zili patsamba.